Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Dexter Gordon ndi Chisanu Changa Choyamba ku London

M'gawo lapitali ndinalekeza nkhani pamene ndinatsika ndege ku London m'chaka cha 1986, nditasiya bandi yathu ku Blantyre pamodzi ndi mayi a kunyumba ali ndi khanda kumsana. Anthu ambiri amene amandiona pa kanema masiku ano amandifunsa kuti zinatheka bwanji kuti munthu amene anakulira pa sakisofoni adzakalambire m'zisudzo, ndipo yankho lake silingamveke bwino ndikapanda kuyamba ndafotokoza za munthu mmodzi amene sindinagwirane naye chanza n'kamodzi komwe, koma amene anandiphunzitsa ntchito zonse ziwirizi. Munthuyo ndi Dexter Gordon, woimba sakisofoni wa ku America, ndipo gawo lino ndalipereka kwa iye.

Dzina lake ndinali nditalimvapo ndisanachoke kwathu. Ife oimba m'mahotela a mu Blantyre ntchito yathu inali yovinitsa anthu, ndiye tinkaimba rumba, simanjemanje, kwela ndi makopilaiti a nyimbo zakunja zimene zinali m'kamwa mwa aliyense, ndipo woimba lipenga akayamba kutalikitsa gawo lake, akuluakulu a pamalopo ankamuyang'ana n'kuloza wotchi. Nyimbo za jazi za ku America tinkazimvera pakati pa usiku pa wailesi ya Voice of America, pa pulogalamu ya Willis Conover, mawu akumveka n'kumazilala, ndipo mayina a oimba tinkawalemba m'kope monga mmene khutu lawamvera. Dexter Gordon anali m'kope langa pakati pa mayina ena ambiri, koma nkhope yake, msinkhu wake ndi zimene anadutsamo zinali zobisika kwa ine.

Ku London ndinafikira kwa bambo ena a ku Chiradzulu amene anapita ku Britain dziko lathu lisanalandire ufulu, ndipo anagwira ntchito m'mabasi kufikira atapuma. Sitinali pachibale cha magazi, koma ndinkawaitana kuti amalume, iwo n'kumati mphwanga. Masana ndinkakhala ku maphunziro a zowerengera ndalama amene ndinapitira, usiku ndinkatsuka mbale mu lesitilanti, ndipo sakisofoni yanga inkangogona m'bokosi kunsi kwa bedi chifukwa zipupa za nyumbayo zinali zopyapyala ndipo anansi sankafuna phokoso. Loweruka lina chisanu chitafika povuta, amalume anandiimitsa pakhomo.

"Mphwanga, vala jekete, lero mbale zakozo akatsuke ena. Kwabwera filimu ya munthu wa chida chako chomwecho."

"Amalume, ndalama ya tikiti ndilibe."

"Kodi ine ndakufunsa za ndalama? Tiye."

Filimuyo inali Round Midnight, ya chaka chomwecho cha 1986, yotsogoleredwa ndi Bertrand Tavernier wa ku France, ndipo dzina lake linachokera ku nyimbo yotchuka ya Thelonious Monk. Nkhani yake ikuchitikira ku Paris m'chaka cha 1959, kumene woimba sakisofoni wachikuda wa ku America, Dale Turner, wapita kukaimba mu kalabu atatopa ndiponso atafooka ndi mowa, ndipo anthu omuzungulira akumusungira ndalama zake ndi kumuletsa botolo ngati wodwala. Mnyamata wina wa ku France wojambula zithunzi, amene gawo lake anachita ndi François Cluzet, amakonda kuimba kwa mkuluyo kwambiri moti amamutenga kukakhala naye kunyumba kwake kuti amusamale. Dale Turner ndi munthu wopeka, koma anaumbidwa kuchokera pa miyoyo ya anthu awiri enieni, Lester Young woimba sakisofoni, amene anamwalira mu 1959 atangobwerera kwawo kuchokera ku Paris, ndi Bud Powell woimba piyano, amene anasamalidwadi ndi mnzake wa ku France dzina lake Francis Paudras. Amene anavala thupi la Dale Turner anali Dexter Gordon, ali ndi zaka zopitirira 60.

Chakumayambiriro kwa filimuyo pali malo pamene mnyamata uja, pokhala alibe ndalama yolowera, amanjuta panja mvula ikumunyowetsa, khutu lili pa kawindo ka pansi, kumvera lipenga likuchokera m'kati. Pamenepo misozi inanditsika, chifukwa ndili mnyamata ku Ndirande ndinkayenda wapansi kupita m'tauni kukaima kuseri kwa mpanda wa hotela ina kuti ndimve bandi, mpaka alonda atandipirikitsa. Koma chimene chinandigwira mtima koposa sichinali chikumbumtima chimenechi ayi. Chinali kayendedwe ndi kalankhulidwe ka munthu wamtaliyo, wa msinkhu wa mamita pafupifupi 2, amene ankayenda mosafulumira, mawu ake ali osasa, ndipo munthu akamufunsa kanthu ankayamba wakhala chete kwa nthawi yotalika moti unkaganiza kuti waiwala choyankha, kenaka n'kutulutsa mawu ochepa amene ankagwera pamalo pake penipeni. Ine monga woimba lipenga ndinazindikira msanga kuti kukhala chete kumeneko sikunali kuiwala, kunali kuwerenga nyimbo mumtima ndi kukoka mpweya, monga mmene timachitira tisanalowe gawo lathu.

Kuyambira tsiku limenelo kandalama kalikonse kotsala kankathera pa zimbale zakale mu sitolo ya Mole Jazz ku King's Cross, ndipo mbiri ya Dexter ndinaisonkhanitsa pang'onopang'ono kuchokera pa zolembedwa kuseri kwa zikuto ndi pakamwa pa amalume. Iye anabadwa pa 27 Febuluwale 1923 ku Los Angeles, m'banja losasowa kanthu, pakuti bambo ake, a Frank Gordon, anali mmodzi mwa madokotala oyamba achikuda mumzindawo, ndipo ena mwa odwala amene dokotalayu ankawathandiza anali oimba jazi otchuka Duke Ellington ndi Lionel Hampton. Bambowo anamwalira mwana wawo adakali mnyamata wamng'ono. Dexter anayamba ndi chitoliro cha kilaneti, kenaka sakisofoni, ndipo mu 1940, ali ndi zaka 17 zokha, analowa bandi ya Lionel Hampton yemweyo. Anadzaimbanso ndi Louis Armstrong ndiponso m'bandi ya Billy Eckstine, mmene munkaphikidwa kaimbidwe katsopano ka bebop, ndipo iye ndi mmodzi mwa oyamba amene anatenga kaimbidwe kothamanga ndi kokhotakhota kameneka n'kukaika pa sakisofoni ya tena, ija ya mawu aakulu imene inenso ndimaimba. Mu 1947 anajambula The Chase ndi Wardell Gray, nyimbo imene malipenga awiri amathamangitsana mosinthana, ndipo achinyamata ngati John Coltrane ndi Sonny Rollins anatola zambiri pa kaimbidwe kake.

Zaka za m'ma 1950, pamene anzake ankakwera, iye anazitaya pafupifupi zonse ku mankhwala ozunguza bongo a heroin ndi ku ndende za ku California, Chino ndi Folsom. Ali m'ndende ya Chino m'pamene kamera inamupeza, chifukwa filimu ya Unchained ya 1955 inajambulidwira m'menemo, ndipo iye amaoneka m'bandi ya akaidi, dzina lake losalembedwa, ndiponso mawu a lipenga amene amamveka si ake, anachita kuikamo a munthu wina. Nkhani imeneyi imandiwawa mpaka lero, chifukwa woimba lipenga chuma chake chonse ndi liwu lake, ndipo kumuonetsa nkhope n'kumuchotsera liwu ndi kumulanda dzina kachiwiri. Atatuluka, mu 1960 anapeka nyimbo, kuimba ndi kuchita nawo sewero la pa siteji la The Connection ku Los Angeles, lonena za anthu a heroin amene akudikira wowagulitsa. Ndikutchula zimenezi kuti amene amaganiza kuti Tavernier anangotola nkhalamba yosadziwa chilichonse cha zisudzo adziwe kuti munthuyo anali atalawapo kale ntchitoyi.

Kudzuka kwake kunadza ndi kampani ya zimbale ya Blue Note, kumene kuyambira 1961 anajambula zimbale zimene kwa ine ndi sukulu yokwanira ya chida chathu, makamaka Go ya mu Ogasiti 1962, ali ndi Sonny Clark pa piyano, Butch Warren pa besi ndi Billy Higgins pa ng'oma. Komabe New York ya nthawi imeneyo inali ndi lamulo loti woimba m'makalabu ogulitsa mowa akhale ndi chiphaso chochokera kupolisi, ndipo amene anamangidwapo pa milandu ya mankhwala ankamanidwa kapena kulandidwa, monga zinachitikira Billie Holiday ndi Thelonious Monk. Lamulolo linatha mu 1967. Mu 1962 Dexter anawoloka nyanja kudzaimba ku kalabu ya Ronnie Scott mu London momwemo mmene ine ndinkatsuka mbale, ndipo ulendo umene unayenera kukhala waufupi unasanduka zaka 14. Anakhazikika ku Copenhagen, ku Denmark, n'kumaimba ku kalabu ya Jazzhus Montmartre ndi anthu ngati Kenny Drew ndi mnyamata woimba besi Niels-Henning Ørsted Pedersen, ndipo mu 1963 anajambula chimbale cha Our Man in Paris ali ndi Bud Powell mwiniwakeyo pa piyano. Choncho pamene ankachita gawo la Dale Turner, sankayerekeza munthu wongomva mbiri yake, ankakumbukira mnzake amene anakhala naye mu situdiyo imodzi. Anabwerera ku America mu 1976, ndipo mausiku amene anaimba ku kalabu ya Village Vanguard ku New York mu Disembala chaka chimenecho anatuluka pa chimbale cha Homecoming.

Pano ndiime pa kaimbidwe kake, chifukwa m'pamene pagona nkhani yonse. Dexter ankaimba motsalira pang'ono m'mbuyo mwa ng'oma, osati chifukwa cholephera liwiro, koma mwadala, moti womvera amakhala ndi nkhawa kuti mwina safika, koma iye n'kufika ndithu, ndipo kufika kwakeko kumakoma chifukwa cha kudikira komweko. Amandikumbutsa mfumu yopita kubwalo la milandu, imene imabwera pambuyo pa onse ikuyenda mwachifatse, ndipo palibe amene amati yachedwa chifukwa mlandu suyamba iyo isanakhale pansi. Asanaimbe nyimbo yodekha ankayamba wanena mawu a nyimboyo pa maikolofoni, pang'onopang'ono, kuti anthu adziwe chimene lipenga likufuna kulankhula, ndipo anthu akamaomba m'manja ankatukula sakisofoni chopingasa ndi manja awiri kuionetsa kwa iwo, kusonyeza kuti ulemuwo upite ku chidacho ndi ku nyimbo. Munthu wochita zotere usiku uliwonse kwa zaka makumi anayi amakhala akuphunzira zisudzo ngakhale osazitchula choncho, chifukwa amadziwa poimirira, poyang'ana, polankhula ndi pokhala chete.

N'chifukwa chake sindinagwirizane nawo, ndipo sindigwirizana nawobe, anthu amene ankanena kuti Dexter sanachite sewero koma anangokhala mmene analili kamera n'kumujambula. Amene amalankhula choncho sanaimepo patsogolo pa kamera. Munthu wamba ukamuikira kamera, manja ake amasowa kopita, maso amathawa, ndipo mawu amathamanga kuti athane nazo msanga. Kukhala wekha weniweni pamaso pa chida chimenecho ndi luso limene ambiri amakalamba asanalipeze. Kuonjezera apo, Dale Turner si Dexter. Chizolowezi choitana anzake, ngakhale amuna, kuti Lady ndi cha Lester Young, ndiponso nkhanza za ku usilikali zimene Dale amafotokozera dokotala zikufanana ndi zimene Lester Young anakumana nazo atatsekeredwa m'ndende ya asilikali mu 1945, pamene kusweka kwa maganizo ndi kusamalidwa ndi mlendo ndi za Bud Powell. Dexter anatenga anthu awiriwa, amene anawadziwa ndi kuwakonda, n'kuwanyamula m'thupi lake limodzi, ndipo mawu ambiri olembedwa anawasintha kuti amveke mmene oimba amalankhulira okhaokha. Tavernier anachita mwanzeru kumulola, monganso anachita mwanzeru kuti nyimbo zijambulidwe pomwepo oimba akuimbadi, Herbie Hancock, Billy Higgins, Wayne Shorter, Ron Carter, Bobby Hutcherson ndi ena, mu kalabu imene Alexandre Trauner anaimanga mu situdiyo. Munthu amene liwu lake linachotsedwa mu 1955 tsopano ankamveka yekha, ndi mpweya wake waufupi wa ukalamba, wopanda chobisa.

Mu Malichi 1987 dzina lake linali pakati pa amuna asanu opikisana pa mphoto ya Oscar ya katswiri wa zisudzo. Anthu a ku London ankafunira mwayi mwana wa kwawo Bob Hoskins, ine ndi amalume tinali kumbali ya Dexter, ndipo mphotoyo inapita kwa Paul Newman, pamene Herbie Hancock analandira ya nyimbo za filimuyo. Amalume anakhumudwa kuposa ine, ndipo anati, "Mphwanga, munthu wakuda amayenera kuimba mpaka mapapo atathe kuti amuone, ndiye akamuona amati wangochita mwayi." Ine ndinaona kuti kungofika pamenepo, kwa munthu amene anali mkaidi ku Chino, chinali chinthu chachikulu chimene sichikanafufutika.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachenjeza nacho achinyamata amene ndimawaonetsa filimuyi. Ena akaiona amatuluka ndi maganizo oti ukatswiri wa jazi umayendera limodzi ndi botolo ndi mankhwala, ngati kuti kuwawa kwa moyo ndi kumene kumapereka liwu lokoma. Limeneli ndi bodza limene lakwirira oimba ambiri, ndipo ena mwa iwo ndinanyamula nawo mabokosi awo ku Blantyre. Heroin sanamupatse Dexter kalikonse, anangomulanda zaka khumi za unyamata wake, ndipo zimbale zake zabwino koposa zinabwera pamene anatuluka m'ndende n'kupeza ntchito yokhazikika ndi anthu omulemekeza. Filimuyo ikaonedwa bwino ikunena zomwezo, chifukwa Dale Turner amayamba kupekanso nyimbo pamene wapeza nyumba, chakudya chophikidwa ndi mwana woti azimuseketsa.

Nkhani ya kukhala kutali ndi kwanu inandikhudzanso mwa njira ina imene mzungu wokhala pafupi nane mu holoyo sakanaimva. London ya zaka zimenezo inali ndi oimba a ku South Africa othawa tsankho, ndipo Dudu Pukwana, mmodzi mwa a bandi ya Blue Notes imene inachoka kwawo mu 1964, ndinamumva ndi makutu anga ku 100 Club pa Oxford Street. Mnzawo woimba besi Johnny Dyani, amene anakhala zaka zambiri ku maiko a Scandinavia, anali atangomwalira ku Berlin mu Okutobala 1986. Ndikamawayang'ana anthu amenewa ndinkaona zimene ndinaona pa nkhope ya Dale Turner, ulemu umene munthu amalandira kwa alendo pamene kwawo akumukana, ndi njala ya kwawo imene ulemuwo sungathe kuithetsa. Ine sindinali wothawa, pasipoti yanga inali yabwinobwino, koma tonse a ku Malawi tinkadziwa kuti m'masiku amenewo ngakhale uli kunja umayamba wayang'ana uku ndi uku usanatchule za kumudzi.

Chisanu chisanathe ndinatulutsa sakisofoni kunsi kwa bedi. Abusa a mpingo wina wa anthu a ku Caribbean anandilola kugwiritsa ntchito holo yawo m'mawa wa pakati pa sabata, ndipo m'menemo, nditavala jekete chifukwa cha kuzizira, ndinayambanso kuphunzira chida chimene ndinkachiimba kuyambira ubwana. Kaimbidwe ka m'mahotela kanandizoloweza kudzaza mpata uliwonse ndi manotsi kuti ovina asakhale pansi, ndiye tsopano ndinkadziphunzitsa kugwira noti imodzi mpaka itakhuta, kusiya mpata, ndi kuloweza mawu a nyimbo ndisanaiimbe pa lipenga. Ntchito imeneyi inali yovuta kuposa kuthamangitsa zala, pakuti ukachedwetsa nyimbo chilema chilichonse cha liwu lako chimaonekera poyera.

Chaka cha 1990 chinatilanda anthu motsatizana. Dexter Gordon anamwalira pa 25 Epulo ku Philadelphia ali ndi zaka 67, atavutika ndi khansa ya pakhosi ndi matenda a impso. Mu Meyi anatsatira Chris McGregor, mtsogoleri wa Blue Notes, ndipo mu Juni Dudu Pukwana, miyezi yochepa chabe Nelson Mandela atatuluka m'ndende. Filimu yomaliza ya Dexter, Awakenings, mmene muli Robin Williams ndi Robert De Niro, inatuluka iye atapita kale. Gawo lake m'menemo ndi laling'ono, la wodwala m'chipatala amene anali woimba ndipo salankhula, koma ndinapita kukaiona chifukwa cha iye yekha, ndipo ngakhale analibe mawu oti anene, maso anga sankachoka pa iye akangolowa m'chithunzi.

Patapita zaka, wailesi ya kanema itayamba ku Malawi mu 1999, ndinapezeka ndaima patsogolo pa kamera kwa nthawi yoyamba, ndikuchita gawo la bambo amene mwana wake wamkazi wabwera kudzawauza kuti ukwati watha. Mnyamata wotsogolera seweroli anaimitsa kujambula n'kunena mwaulemu kuti, "Madala, mukuchedwa kuyankha, fulumiraniko pang'ono." Ndinamupempha kuti, "Mwana wanga, ndilole ndiyese kamodzi kokha mwa njira yangayi, ukapanda kukhutira tibwereza mmene ukufunira." Mtsikana uja atamaliza mawu ake, ndinawerenga mumtima mabiti anayi, ndinakoka mpweya wa m'mimba monga ndikulowa nyimbo yodekha, kenaka n'kuyankha, ndipo chimene chinaulutsidwa ndi chimenecho. Koma pakati pa holo yozizira ya ku London ndi tsiku limenelo pali ulendo wobwerera kumudzi mu 1994, maliro a amalume, ndi matenda a nkhama amene anandigwetsa mano akutsogolo n'kundisiyitsa lipenga, ndipo gawo lotsatira lidzayambira pamenepo.